Timabotolo Tiwiri ta Magazi a Jack Goma

Wilbroad Zgambo anagwira ntchito m'labu ya chipatala cha pa boma la Chama zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sanalembepo kalata yopempha kusamutsidwa. Anzake ambiri amene boma linkawatumiza kuchigwa kuno ankangolawa dzuwa la Okutobala kamodzi, basi n'kuyamba kusakasaka njira yobwererera kutauni. Iye ayi. Anakwatira Ennie, mwana wa ku Tembwe, anali ndi kadimba ka mpunga m'dambo, ndiponso njinga yomwe inkamufikitsa kulikonse kumene mtima wafuna. Tsiku lonse ankakhalira kusuzumira pa maikulosikopu, kufufuza malungo, chifuwa chachikulu, ndi kaodzera wa anthu olumidwa ndi kashembe. Akaweruka ankapita kunyumba mtima uli m'malo.

Panali khalidwe limodzi lomwe manesi ankamuseka nalo. Chilichonse cholowa kapena kutuluka m'labumo ankachilemba m'buku lalikulu lachikuto chakuda: tsiku, dzina la mwini, chimene chatengedwa, ndi amene wachinyamula.

"A Zgambo, tsiku lina mudzalemba ndi ntchentche zolowera pazenera," ankatero manesiwo.

Iye ankangomwetulira, n'kupitiriza kulemba.

M'mwezi wa Juni 1997, anthu ali kalikiliki kukolola mpunga, wapolisi wina anafika pa labupo ndi munthu womangidwa unyolo. Womangidwayo anali Jack Goma, mlimi wa ku Chifunda, wamtali, wowonda, dzanja lamanzere litakulungidwa ndi kansalu kakuda ndi litsiro.

Nkhani yake inali itamveka kale pa boma ponse. Ku Chifunda kunali msasa wa kampani ina yotenga alendo okasaka nyama. Akuba anaswa zenera la nyumba yosungiramo katundu pamsasapo, anamenya mlonda mpaka kumuthyola nthiti, n'kuthawa ndi mfuti ziwiri. Mlondayo anachira, koma nkhope za akubawo sanazione. Mmodzi wa iwo anadzicheka ndi galasi polowa, magazi ake n'kudonthera pa katani ya pazenerapo. Patapita masiku awiri, anthu anaona kuti Jack ali ndi bala padzanja.

"Adada, ni chikwakwa ichi," anatero Jack m'Chinyanja chake chosakaniza ndi Chisenga, uku akutambasula mkono. "Ninali kucheka mpunga na akazi anga. Onani mwekha bala, galasi icheka chonchi?"

"Ine sindine woweruza, a Goma," anayankha Wilbroad mofatsa. "Fumbatani dzanja, mtsempha uoneke."

Wapolisi anafotokoza kuti eni kampani afuna magaziwo apite ku Joni, kumene kuli makina oyeza chinthu chotchedwa DNA. Akuti magazi a munthu aliyense ali ndi chidindo chakechake, chosafanana ndi cha wina, ndipo makinawo amachiwerenga. Wilbroad anali atawerengapo za zimenezi m'magazini akale, koma sankaganiza kuti zingafike ku Chama iye adakali moyo.

Anatenga magazi m'timabotolo tiwiri tagalasi, analemba dzina pa kalikonse, anatikulunga ndi thonje, n'kutiika m'kakatoni ka mankhwala. Wapolisi anasaina m'buku. Panja panali galimoto ya kampani ija, yomwe inkayenera kunyamula kakatoniko pamodzi ndi katani ija kupita nazo ku Lusaka. Wilbroad anatuluka, nakaitana dalaivala wake, Bruce Mwale, kuti nayenso asaine. Bruce anang'ung'udza kuti akuchedwa, koma anasaina.

Patapita miyezi inayi yankho linabwera. Magazi a pa katani anali a Jack Goma.

Mlungu womwewo Agness, mkazi wa Jack, anayenda wapansi kuchokera ku Chifunda, khanda lili kumbuyo. Anafika pakhomo la labu nagwada.

"Adada, ndimwe munatenga magazi a amuna anga. Munaonamo chiyani?"

"Sindinaonemo kanthu, amama. Makina anga saona zimenezo. Ine ndinangotenga."

"Tsiku lija tinali tonse kudimba. Bala ninamanga ndine, na nsalu yanga. Manje pepala ikamba kuti ni iwo. Pepala inaliko kudimba?"

Wilbroad anamudzutsa. Anapita naye kunyumba, Ennie anamupatsa madzi osamba ndi chakudya, ndipo m'mawa mwake anamupezera malo pa thirakitala yopita chakumwera. Jack anali m'ndende ku Chipata kudikira mlandu ku khoti lalikulu. Moyo wa Wilbroad unapitirira monga kale, mvula inagwa, mpunga unacha, koma nthawi zina akamatsegula buku lake ankabwerera pa tsamba la Juni lija, n'kuliyang'ana kanthawi.

Mu Ogasiti 1998, lole yochokera ku Lundazi inatsitsa pamsika mayi wina wamfupi, wovala magalasi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anafunsa njira ya kuchipatala, nafika pa labu atakumbatira chikwama chodzaza mapepala.

"Ndimwe ba Zgambo? Ndine Norah Chilufya. Ndimaphunzitsa sayansi ku Lusaka."

Anafotokoza kuti anaphunzira za DNA kunja kwa dziko zaka zisanu. Loya woimira Jack, wa ofesi yothandiza osauka pa milandu, anapempha khoti kuti katswiri wina wapadera aunikenso ntchito yonse, kuyambira pamene magazi anatengedwa mpaka pamene yankho linalembedwa. Khoti linavomera, ndipo ntchitoyo inagwera iye.

"Ndiye mwabwera kudzamutulutsa?" anafunsa Wilbroad.

"Iyayi. Ine sindili kwa Jack, sindili kwa kampani, sindili kwa apolisi. Ndikapeza kuti ndi iye, ndilemba kuti ndi iye. Loya wake ndinamuuza kale, sanakondwe kwenikweni."

Mawu amenewa anamukhazika mtima pansi Wilbroad. Anapukuta tebulo, anasuntha mabotolo a mankhwala, ndipo Norah anayala mapepala ake.

Masiku atatu amene anatsatira, Wilbroad ankawakumbukira ngati ena mwa masiku okoma kwambiri pa ntchito yake yonse. M'mawa ankayeza odwala monga mwa nthawi zonse. Mzere ukatha, ankakoka mpando, Norah n'kumuonetsa mapepala a ku Joni, odzaza timizere tosongoka ngati minga ya mthethe. Anamuphunzitsa kuwerenga kwake: kamzere aka munthu amatengera kwa mayi ake, aka kwa bambo ake, ndipo ukayang'ana malo angapo, anthu awiri osakhala mapasa sangafanane ponseponse. Wilbroad ankafunsa mafunso ngati mwana wasukulu, Norah n'kumayankha mosatopa. Nayenso anapempha kusuzumira pa maikulosikopu kuti aone tizilombo ta kaodzera, timene anali atangotiona m'mabuku. Ataona kamodzi kakuphiriphitha pakati pa magazi anakuwa, manesi n'kuthamangira kudzaona chachitika.

Masana ankakadya kwa Ennie, mpunga wonunkhira wa chaka chomwecho ndi nsomba zouma za mu Luangwa zotendera. Norah ankadya mosachita manyazi, nanena kuti mpunga umene amagula ku Lusaka m'dzina la Chama ndi wabodza.

Tsiku lachitatu anavula magalasi, anapukuta m'maso, nati: "Ba Zgambo, ndawerenga zonse katatu. Labu ya ku Joni sinalakwitse kuyeza. Magazi amene anawayeza pa katani ndi a Jack, palibe kukayika."

Wilbroad anaganiza za Agness ndi ulendo wake wapansi uja.

"Koma dikirani," anapitiriza Norah. "Makina amanena kuti magazi ndi a ndani. Sanena kuti anafikapo liti, kapena anafikapo bwanji. Taonani apa."

Anatulutsa pepala lomwe wapolisi analemba pamsasa tsiku loyamba. Linati pa katani panali timadontho titatu, tating'ono ngati nyemba, m'munsi chakumpendero. Kenako anatulutsa chithunzi chomwe a ku Joni anajambula atangotsegula phukusi. Timadontho titatu tija tinalipo ndithu kumpendero, koma pakati pa katani panali banga lina lalikulu ngati chikhatho cha munthu.

"Oyeza aja anaona banga lalikulu, anadula pamenepo. Aliyense akadachita chimodzimodzi. Manje funso langa ndi ili, banga limeneli linachokera kuti, popeza wapolisi sanalione?"

"Kapena anaiwala kulemba."

"Kapena. Munthu angawerenge timadontho titatu n'kuiwala chibanga chonsechi? Chabwino, tisiye zimenezo. Inu munatumiza kabotolo kamodzi, si choncho?"

"Tiwiri."

"Pepala lolandirira katundu la ku Joni likuti kamodzi."

"Tiwiri, amama. Ine sinditumiza kamodzi, kuopa kuti kena kangaonongeke."

Anaimirira, anatsitsa buku la chaka chathacho pashelefu, natsegula tsamba lomwe manja ake ankalidziwa kale. Zinalembedwa momveka: timabotolo tiwiri, Jack Goma, ndipo m'munsimo munali siginecha ya wapolisi ndi ya Bruce Mwale.

Norah anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, "Bruce ameneyu ali kuti masiku ano?"

Sanavute kupeza. Anali atasiya ntchito ku kampani ija, ndipo tsopano ankayendetsa lole yonyamula thonje. Anamupeza kuseri kwa msika atagona chagada pansi pa loleyo, akumanga chitsulo china ndi waya. Atamva dzina la Jack anatuluka pang'onopang'ono, nakhala pa tayala, osayang'ana munthu kumaso.

"Ine ninapereka katundu monga mwamene ananipatsira," anatero.

Wilbroad anakhala pansi pafupi naye, natsegula buku pamaondo. Sanakweze mawu.

"A Mwale, dzanja ili ndi lanu. Munanyamula tiwiri, kunafika kamodzi. Ine sindinabwere kudzakukalipirani. Msewu uja tonse tikuudziwa, ngakhale mazira safika. Koma mwana wa Jack wayamba kuyenda, bambo ake sanamuonepo akuyenda."

Bruce anapotokola kawaya m'manja. Kenako anatembenukira kwa Norah.

"Nikakamba, azanimanga?"

"Sindidziwa," anayankha Norah. "Sindingakunamizeni. Chimene ndingalembe ndi chakuti munanena nokha, popanda wokukakamizani."

Bruce anapumira m'mwamba, nayamba kufotokoza. Wapolisi amene ankayenera kupita naye mpaka ku Lusaka anatsikira panjira, kumaliro a mlamu wake, n'kumusiyira katundu yense. Kakatoni ka magazi ndi envulopu ya katani anaziika m'katoni imodzi kumbuyo. Atadutsa Lundazi galimoto inagwera m'chidzenje, jeke n'kudumpha kugwera pakatonipo. Ataima kuti aone, anapeza kabotolo kamodzi kataphwanyika, magazi atanyowetsa envulopu n'kulowerera mpaka pansalu.

"Ninachita mantha. Bwana uja anali wokalipa maningi. Ninataya magalasi m'thengo, nsalu ninayanika pa boneti, pa Chipata ninagula envulopu ina. Ninaganiza kuti magazi ni magazi, azayeza chabe. Pamene ninamva kuti akuti ni Jack, ninaopa kukamba. Kuchokera tsiku lija njira ya ku Chifunda sinipitako, olo bwana anitume."

Norah analemba zonse, anamuwerengera, Bruce n'kusaina. Pobwerera Wilbroad ankayenda mopepuka, ndipo anati, "Basi, Jack watuluka."

"Musafulumire, ba Zgambo. Tapeza kuti banga lalikulu silinena kanthu. Koma timadontho titatu tija palibe anatiyeza. Tikhoza kukhalanso ta Jack yemweyo."

"Inu mukuganiza kuti ndi take?"

"Ine sindiganiza. Ndipempha khoti kuti tiyezedwe ku labu ina, imene sinagwirepo nkhaniyi. Tikatero tonse tidzadziwa."

Anakwera lole m'mawa mwake, Ennie atamumangira kathumba ka mpunga ndi nthochi zodyera panjira.

Kudikira kunatenga miyezi isanu ndi umodzi. Wilbroad anatumiza uthenga kwa Agness kudzera mwa mphunzitsi wina wa ku Chifunda, womuuza zimene zapezeka, ndi kumuchenjeza kuti asayambe kuvina ng'oma isanalire. Mu Febuluwale 1999 kalata inafika yomuitana kukachitira umboni ku khoti lalikulu ku Chipata. Mvula inali pachimake. Ennie anamusitira jekete lake la kutchalitchi, anakulunga buku lija m'mapulasitiki awiri, ndipo ulendo womwe m'chilimwe umatha tsiku limodzi unamutengera masiku atatu.

M'khoti anamufunsa mafunso ochepa. Anatenga timabotolo tingati? Tiwiri. Ali ndi umboni? Anapereka buku. Woweruza anatsegula masamba angapo, anayang'ana Wilbroad pamwamba pa magalasi, nafunsa ngati amalemba chonchi masiku onse.

"Masiku onse, bwana."

Bruce sanasinthe kanthu pa zimene ananena kuseri kwa msika. Kenako anaimirira Norah. Loya wa boma anamupanikiza kwa ola lathunthu, kufuna kuti avomere kuti akunyoza akatswiri a ku Joni. Iye anakana. Anati akatswiriwo anagwira ntchito yabwino pa chinthu chimene chinawafikira chitaonongeka kale, ndipo anali asanauzidwe kuti timabotolo tinali tiwiri. Atatero anawerenga yankho la labu yachiwiri. Timadontho titatu ta kumpendero tinali ta mwamuna wina, osati Jack Goma, osatinso mlonda uja.

Khoti litapuma n'kubwereranso, loya wa boma anaimirira nanena kuti boma lauchotsa mlanduwo. Jack sanamve Chingerezicho. Womasulira atamuuza m'Chisenga, anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wina woti atsimikize, mpaka maso ake anapeza Wilbroad, amene anagwedeza mutu.

Bruce anadzudzulidwa kwambiri ndi woweruza, koma sanamangidwe. Mwini timadontho tija sanapezeke, ndipo mfuti zija sizinaonekenso.

Panja Norah anapatsa Jack ndi Wilbroad moni wa m'manja. Jack anagwira dzanja lake ndi manja awiri, osafuna kulisiya.

"Amama, mwanitulutsa."

"Sindine, ba Goma. Magazi aja sanali anu kuyambira kale. Ine ndangowerenga mapepala mpaka kumapeto."

Anathamangira basi ya ku Lusaka, chifukwa ophunzira ake anali ndi mayeso Lolemba.

Wilbroad ndi Jack anabwerera limodzi pamwamba pa lole yonyamula feteleza ndi mchere. Itadutsa Lundazi inatitimira m'matope kawiri. Anthu onse anatsika kukakankha, akudandaula ndi kutukwana dalaivala, koma Jack ankakankha akuseka, matope ali thupi lonse. Mayi wina anamufunsa chimene chikumuseketsa.

"Amama, miyezi makumi awiri sininapondepo matope," anayankha.

Agness ankadikira kunyumba kwa a Zgambo kuyambira Lachiwiri. Atamva kulira kwa lole anatuluka, ndipo ataona mwamuna wake akutsika anangokhala pansi pamsewu pomwepo, n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kamwana kawo, Deborah, kanabisala kuseri kwa chitenje cha Ennie, kakumuyang'ana mlendo wamatopeyo ndi diso limodzi. Jack sanakakakamize. Anasamba, anavala malaya a Wilbroad omwe manja ake ankalekeza m'zigongono, nakhala pakhonde. Pofika nthawi ya chakudya kamwanako kanali katayamba kumubweretsera timiyala, kamodzikamodzi, n'kumathawa. Anagona masiku awiri, kenako ananyamuka kupita kwawo madzi atachepa m'mitsinje.

Loweruka lotsatira Wilbroad anapita kumsika kwa Adam Kumwenda, wokhoma zidebe ndi mbaula, atatenga kabotolo kopanda kanthu m'thumba la malaya. Anamufotokozera chimene ankafuna: kachitini kolimba kokhala ndi chivundikiro chothina, m'kati mogawidwa zipinda, kabotolo kalikonse m'chipinda chakechake.

Adam anatembenuza kabotoloko, anakayeza ndi chala, nakwinya nkhope.

"Zipinda zingati?"

"Zinayi. Ndipo chitsulo chikhale chokhuthala, choti ngakhale jeke atagwerapo chisaphwanyike."

"Jeke? A Zgambo, mufuna kusungamo chiyani kansi?"

"Magazi."

Adam anamuyang'ana, anapukusa mutu, natola lumo lake lodulira malata.

"Bwerani Lachinayi. Koma utoto mukapake mwekha."